Inu omwa mitsitsi ya pa intaneti, impso sizigulidwa pamsika

Ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mwazolowera kuitanitsa mankhwala achitchaina pafoni, tamverani.

Ku China, Japan ndi Korea kuli chomera choyanga chotchedwa Akebia quinata. Tsamba lake limagawikana pasanu, maluwa ake ndi ofiirira, ena amati amanunkhira chokoleti. Ku Japan zipatso zake amadya, nthambi zake amalukira madengu. Asing'anga a ku China amaumitsa tsinde lake, kulidula timapisi, n'kumapatsa ovutika pokodza ndi amayi amene mkaka wavuta kutuluka. Pamsika amati mu tong. Chomerachi pachokha chilibe mlandu.

Vuto ndi lakuti dzina lomwelo ankagulitsiranso chomera china, Aristolochia manshuriensis, chimene chili ndi poizoni wotchedwa aristolochic acid. Zikauma n'kuduladula, kapena kusinja, inu ndi ine sitingazisiyanitse. Poizoniyu amadya impso mwakachetechete, ndipo pamene wadyapo sipachiranso. Amayambitsanso khansa ya m'njira ya mkodzo, nthawi zina patapita zaka munthu ataleka kumwa.

Mu 1999 madokotala a ku Britain adalengeza za amayi awiri amene impso zawo zidafa atamwa mankhwala achitchaina a nthenda ya pakhungu. Mu 2001 boma la kumeneko lidaletsa mu tong m'mankhwala opanda chilolezo, ndipo Akebia yemwe wosalakwayo adaletsedwera limodzi, poona kuti kusokoneza n'kosavuta. China nayo idaletsa chomera chapoizonicho mu 2003. Ku Belgium, m'zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 adawonongeka impso ndi poizoni yemweyu m'mapilitsi ochepetsa thupi. Ankangofuna kuphwa mimba basi.

Tsono inu mukulandira kapaketi kolembedwa zilembo zimene simutha kuwerenga, wogulitsa simukumudziwa nkhope, mwangomuona pa Facebook. Mukuthira m'kapu, madzi otentha, kugwedeza, kumwa m'mawa ndi madzulo. Mwinanso kugawirako mlamu wanu amene wangochira kumene. Tikafunsa muli chiyani, yankho n'lakuti "n'zachilengedwe, zilibe vuto." Kodi mwabvi si khungwa la mtengo? Safunsa adadya phula, ana inu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi inu a kunja, ku Britain ndi ku Joni, amene mumatumiza zoterezi kumudzi ngati mphatso. Kuno impso zikaima, makina osefa magazi m'zipatala za boma muwapeza ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Gogo wa ku Nsanje kapena ku Chitipa adzayenda bwanji ulendo umenewo sabata ndi sabata?

Ngati mudamwapo chilichonse cholembedwa mu tong, lekani lero. Pitani kuchipatala akayeze impso ngakhale simukumva kupweteka, ndipo paketiyo muinyamule, adokotala akaione okha.