Zithunzi za ku Chicano Park sizinajambulidwe kuti mlatho ukongole

Mumzinda wa San Diego, kum'mwera kwenikweni kwa California kufupi ndi malire a dziko la Mexico, muli paki imene denga lake ndi mlatho. Pamwamba pamadutsa magalimoto usana ndi usiku, ndipo pansi, pa zipilala za konkire zimene zinanyamula mlathowo, pali zithunzi zikuluzikulu zoposa 80 zojambulidwa ndi utoto wowala. Malowa amatchedwa Chicano Park, kuchokera ku mawu akuti Chicano (Achikano), dzina limene anthu ena a ku America amene makolo awo anachokera ku Mexico amadzitcha. Masiku ano alendo amapitako ndi makamera, ndipo boma la America linawaika m'gulu la malo ofunika kwambiri pa mbiri ya dzikolo. Maganizo anga ndi akuti chitamando chimenechi n'chachabe ngati chikuthera pa utoto, chifukwa zithunzizo zinajambulidwa ndi anthu amene ankakankhidwa pang'onopang'ono kuchoka m'dera lawo, ndipo uthenga wake unali woti iwo sasunthanso. Munthu amene amakonda zithunzizo koma alibe nazo ntchito ngati eni dera apitiriza kukhala pamenepo kapena ayi, sanamve zimene zipilalazo zikunena.

Dera limeneli, limene tsopano limadziwika kuti Barrio Logan, poyamba linali mbali ya Logan Heights. Mabanja ambiri a ku Mexico anakhazikika kumeneko pothawa nkhondo ya m'dziko lawo imene inayamba mu 1910, ndipo ankagwira ntchito m'mafakitale oika nsomba m'zitini komanso padoko. Pofika zaka za m'ma 1940, anthu ochokera ku Mexico okhala m'derali analipo pafupifupi 20,000, ndipo anali ndi masitolo awo, matchalitchi awo ndi gombe limene ana awo ankasambirako. Zonsezi sizinathe tsiku limodzi. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali apamadzi ndi makampani opanga sitima anatenga gombe lija. M'zaka za m'ma 1950 akuluakulu a mzinda anasintha malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo, n'kulola kuti mafakitale ndi malo ophwanyirako magalimoto akutha atsegulidwe moyandikana ndi nyumba za anthu. Mu 1963 msewu waukulu wa Interstate 5 unadula deralo pakati, ndipo mu Ogasiti 1969 anatsegula mlatho wopita ku Coronado, tauni ya anthu olemera imene ili kutsidya la nyanja. Zipilala za mlathowo anazizika pamene panali nyumba. Anthu masauzande anasamuka, ndipo chigamulo chilichonse mwa zimenezi chinapangidwa ndi anthu amene sankagona m'deralo.

Chimene anthu otsalawo anapempha chinali chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi zimene anataya. Ankafuna paki pa kachigawo ka pansi pa mlatho, ndipo akuluakulu anawalonjeza. Pa 22 Epulo 1970, wophunzira wina wa pa San Diego City College, Mario Solis, anaona makatapila akusalaza malowo, ndipo atafunsa anauzidwa kuti pamangidwa ofesi ya apolisi a pamsewu a boma la California. Anathamanga kukauza anzake, ndipo tsiku lomwelo ophunzira, amayi, agogo ndi ana anadzaza pamalopo, anazungulira makatapila aja mogwirana manja, anayamba kulima ndi kubzala maluwa ndi zomera zaminga za kwawo zotchedwa nopal, n'kukweza mbendera yawo. Anakhala pamenepo masiku 12 mpaka akuluakulu anavomera kukambirana. Komiti imene inabadwa pamenepo, Chicano Park Steering Committee, imene mmodzi mwa oyambitsa ake ndi Josephine Talamantez, ndiyo ikuyang'anirabe pakiyo mpaka lero.

Ndikufuna kuti tione bwino mmene zinthu zinatsatirana, chifukwa mtima wa nkhaniyi uli pamenepo. Utoto unabwera pambuyo. Zithunzi zoyamba zinajambulidwa mu 1973, patapita zaka 3 anthu atalanda malowo ndi matupi awo. Salvador Torres, katswiri wojambula amene anakulira m'deralo, ndiye anayamba kuona zipilalazo ngati malo ojambulapo, ndipo anagwirizana ndi ena monga Victor Ochoa, Mario Torero ndi Guillermo Aranda. Kenaka kunabwera magulu a ojambula ochokera kutali, kuphatikizapo Royal Chicano Air Force la ku Sacramento. Koma ojambulawa sanabwere kudzapempha khoma kwa munthu wachifundo. Anajambula pamalo amene anthu anali atawamenyera kale nkhondo, ndipo ichi ndicho chifukwa chake zithunzizo zilipobe.

Kuti timvetse kulemera kwa mfundo imeneyi, tiyang'ane zimene zinachitika ku Los Angeles zaka pafupifupi 40 m'mbuyo mwake. Mu 1932 David Alfaro Siqueiros, mmodzi mwa akatswiri atatu otchuka a ku Mexico ojambula pamakoma pamodzi ndi Diego Rivera ndi José Clemente Orozco, anapatsidwa khoma pa msewu wa Olvera, umene eni ake ankaukonza kuti ukhale msika wokopa alendo. Iye anajambula munthu wa mtundu wa eni nthaka akale a ku America atapachikidwa pamtanda, chiwombankhanga chili pamwamba pake. Chithunzicho, América Tropical, sichinakondweretse eni malo, ndipo pasanapite zaka zambiri anachiphimba ndi utoto woyera. Anthu anadzachionanso bwinobwino mu 2012, patatha zaka 80, chitazilala. Siqueiros anali ndi dzina lalikulu kuposa aliyense wa ojambula a ku Chicano Park, koma dzinalo silinateteze ntchito yake, popeza khoma linali la wina ndipo panalibe khamu la anthu okonzeka kuima patsogolo pake. Ku Chicano Park nthaka ndi mlatho n'zaboma, anthu alibe chikalata cha umwini, koma ali ndi chinthu chimene Siqueiros analibe, chimene ndi anthu okhala pafupi amene amaona chilichonse chochitika pa zipilalazo.

Zimene zinajambulidwa pamenepo zimasonyezanso kuti ntchitoyi inali ya ndale za m'dera osati yokongoletsa. Pali Namwali wa ku Guadalupe, amene ndi Mariya mayi wa Yesu monga mmene amamulemekezera ku Mexico, pali milungu ndi mafumu a Aaziteki, mtundu wakale wa ku Mexico, monga Quetzalcóatl ndi Cuauhtémoc, pali Emiliano Zapata amene anamenyera nkhondo alimi opanda minda ku Mexico, pali Frida Kahlo, mayi wojambula wotchuka wa ku Mexico, ndiponso pali antchito a m'minda ya mphesa a ku California amene sitiraka yawo inayambira ku Delano mu 1965. Ana amene kusukulu ankaphunzira mbiri yopanda makolo awo, ndipo ena mwa iwo ankalangidwa akalankhula Chisipanishi m'kalasi, anapeza mbiriyo itaima poyera pamalo amene ankasewerapo. Koma chithunzi chimene ine chimandigwira mtima kwambiri si cha mfumu kapena cha mulungu wakale. Ndi cha mu 1977 chimene chili ndi mawu akuti "Varrio Sí, Yonkes No", kutanthauza kuti dera la anthu likhale koma malo ophwanyira magalimoto achoke. Chimenechi ndi chikwangwani cha zionetsero chimene chinakana kutsitsidwa, ndipo nkhani yake ndi ya malamulo a malo, nkhani youma imene imakambidwa m'maofesi a khonsolo. Ojambulawo ankadziwa bwino lomwe kuti mdani wawo sanali kuiwalika kwa chikhalidwe kokha, koma mapu ojambulidwa ndi anthu ena. Mfuu yawo ina inali yoti pakiyo ifike mpaka kunyanja, ndipo anaiumirira kwa zaka pafupifupi 20 mpaka anapatsidwa kapaki kena kakang'ono m'mbali mwa madzi.

Sindikunena kuti chilichonse pa zipilalazo n'chosatsutsika. Nkhope ya Che Guevara imapweteka anthu ambiri ochokera ku Cuba amene mabanja awo anathawa boma limene iye anathandiza kukhazikitsa, ndipo nawonso ndi Alatino, kutanthauza anthu ochokera ku maiko a Latin America. Ganizo la Aztlán, loti kum'mwera chakumadzulo kwa America ndi dziko la makolo a Aaziteki, linapatsa achinyamata a nthawi imeneyo mphamvu yoyankha anthu amene ankawauza kuti abwerere kwawo, makamaka popeza California inali mbali ya Mexico mpaka pangano la Guadalupe Hidalgo la mu 1848. Komabe nthaka ya San Diego inali ya mtundu wa Kumeyaay Asipanya asanafike, ndipo mtundu umenewu ulipo mpaka lero. Gulu la Achikano linalinso ndi chizolowezi choika amuna patsogolo pamene amayi ndiwo ankasenza ntchito yambiri. Laura Rodriguez, mayi wachikulire wa m'deralo, anali pakati pa anthu olanda malowo ndipo anatsogolera nkhondo yopezera dera chipatala chake, ndipo Yolanda López, amene anakulira ku Logan Heights, anadzajambula mu 1978 Namwali wa ku Guadalupe m'maonekedwe a iye mwini akuthamanga, a mayi ake akusoka pamakina ndi a agogo ake. Mikangano imeneyi ndi yeniyeni, koma ndi mikangano ya eni ake, imene imatheka pokhapokha eni akewo akadali pamodzi pamalo amodzi.

Ulemu wa boma unabwera mochedwa, ndipo sunabwere wokha. M'zaka za m'ma 1990, zivomezi zitagwetsa misewu ina ku California, akatswiri a boma anafuna kulimbitsa zipilala za mlathowo m'njira imene ikanawononga zithunzi, ndipo anthu anakana mpaka njira ina inapezeka. Zithunzi zambiri zinakonzedwanso mu 2011 ndi 2012, ndipo ena mwa ojambula oyamba aja anabwerera kudzagwira ntchitoyo atakalamba. Mu 2013 pakiyo inalowa m'kaundula wa malo a mbiri, kumapeto kwa 2016 inalandira ulemu wapamwamba wa National Historic Landmark, ndipo mu 2022 pambali pake panatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri ndi chikhalidwe cha deralo. Chaka chilichonse mu Epulo khamu la anthu limasonkhana pa Chicano Park Day, pamakhala magule a Aaziteki, nyimbo ndi magalimoto akale okonzedwa mwaluso otchedwa lowrider.

Tsopano taonani zimene zinachitika m'zaka zomwezo. Mu 2013 khonsolo ya mzinda inavomereza pulani yatsopano ya Barrio Logan yolowa m'malo mwa ya mu 1978, ndipo cholinga chake chachikulu chinali kuika mpata pakati pa nyumba za anthu ndi mafakitale a padoko. Anthu a m'deralo anagwira nawo ntchito yokonza pulaniyo kwa zaka zingapo. Makampani okonza sitima anaitsutsa ponena kuti idzathetsa ntchito, anaika ndalama zosonkhanitsira masiginecha, ndipo nkhaniyo inapita ku riferendamu ya mzinda wonse. Mu Juni 2014 ovota a San Diego, amene ambiri a iwo amakhala kutali ndi utsi wa padoko, anaikana pulaniyo. Apa ndi pamene ine mtima umandiwawa. Mzinda umene unali kunyadira zithunzi za pansi pa mlatho ndiwo womwewo umene unakana kuti zidzukulu za ojambula zipume mpweya wabwino. Nkhawa ya ntchito si yabodza, popeza anthu ambiri ogwira ntchito m'makampani amenewo ndi Alatino omwewo, koma si chilungamo kuuza munthu kuti asankhe pakati pa malipiro ake ndi mapapo a mwana wake pamene madera olemera safunsidwa funso lotero. Barrio Logan ndi limodzi mwa madera a California amene mpweya wake ndi woipa kwambiri, ndipo matenda a mphumu ndi ochuluka pakati pa ana. Mu Julaye 2020 sitima yankhondo ya USS Bonhomme Richard inayaka padoko kwa masiku angapo, ndipo amene anayamba kupuma utsi wake ndi anthu a madera omwewa.

Pulani ina inavomerezedwa mu Disembala 2021, ndipo imeneyi ndi nkhani yabwino, ngakhale kuti siichotsa mafakitale amene analipo kale pakati pa nyumba. Koma vuto lasintha nkhope. Kutchuka kwa pakiyo kwakopa malo oonetserako zojambula, malo omwera khofi ndi ofululira mowa pa Logan Avenue, ndipo lendi ikukwera m'dera limene anthu ambiri amakhala m'nyumba zalendi. Ena mwa mabizinesi amenewa ndi a ana a m'dera lomwelo, ndipo sindiwaimba mlandu pofuna kupeza chakudya kwawo. Komabe zimene katapila sanamalize mu 1970 zikhoza kumalizidwa mwakachetechete ndi kalata ya mwininyumba. Zikatero tidzakhala ngati anthu osunga ng'oma mosamala atathamangitsa oimba ake. Lamulo loteteza malo a mbiri limaletsa munthu kuwononga chipilala mwachisawawa, koma silinena chilichonse za banja limene lalephera kulipira lendi n'kusamukira ku Tijuana, mzinda wa ku Mexico umene uli pamalire, kuti bambo azidzawoloka malire m'mamawa uliwonse popita kuntchito ku San Diego.

Choncho ine ndikuti khonsolo ya San Diego iyenera kuyezedwa ndi zinthu zimene sizijambulika bwino pa kamera. Iyenera kuonetsetsa kuti nyumba za lendi yotsika zimene pulani ya 2021 ikufuna zikumangidwadi ndipo zikupita kwa mabanja a m'deralo, kuti mathiraki akuluakulu a padoko sakudutsanso m'misewu ya pakati pa nyumba, ndiponso kuti nkhani yokhudza mpweya wa dera limodzi isadzaperekedwenso m'manja mwa ovota a mzinda wonse monga mmene zinachitikira mu 2014.