New Hampshire yazolowera kudyera patsogolo

Inu otsata ndale za ku America, tandiyankheni. Zili bwino kuti kachigawo ka anthu pafupifupi 1.4 miliyoni kazipungula opikisana pa upulezidenti m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni?

Ndikunena New Hampshire. Anadzipangira lamulo loti chisankho chawo chachipulula chizichitika masiku osachepera 7 chisanachitike china chofanana nacho kwina kulikonse. Lamulo lawolawo, koma dziko lonse limavina nyimbo yomweyo.

Ubwino wake sindikuukana. Munthu wofuna mpando waukulu amayenda m'chisanu choopsa, kulowa m'timalesitilanti ndi m'maholo a m'tauni, mlimi kapena mphunzitsi n'kumufunsa maso ndi maso za mtengo wa mankhwala. Kumeneko ndalama za malonda a pa TV sizimubisa. Kamudzi ka Dixville Notch kamavota pakati pa usiku. Pa chipulula cha 2024 ovota analipo 6 okha, onse anasankha Nikki Haley wa chipani cha Republican, atolankhani ali mbwee ndi makamera.

Chondivuta n'chakuti zotsatira za kumeneko amazikuza mopitirira. Mu 1968 Pulezidenti Lyndon Johnson anapambana ndithu, koma poti Eugene McCarthy anapeza mavoti 42 pa 100 alionse, anthu anati mkuluyu watha, ndipo pa 31 March analengeza kuti saimanso. Mu 2020 Joe Biden anakhala nambala 4 ku Iowa (chigawo chinanso chosankha koyambirira, koma kudzera m'misonkhano ya chipani), nambala 5 ku New Hampshire, ambiri n'kumukumbira manda. Anamudzutsa ndi ovota achikuda a ku South Carolina, phungu wotchuka wa kumeneko Jim Clyburn atamuikira kumbuyo. Iowa ndi New Hampshire n'zigawo zodzadza ndi azungu. Nanga amene alibe Clyburn wake? Opereka ndalama za kampeni amangotseka zikwama, basi kwake kwatha.

Taonani za 2024 ku Republican. Ron DeSantis anasiya mpikisano Iowa itangovota. Pamene California ndi Texas zimavota pa 5 March, mwa akuluakulu kunali kutatsala Donald Trump ndi Haley basi, ndipo Haleyyo anasiya mawa lake.

Ine ndikanakonda zigawo zizisinthana, ulendo uno uyu, ulendo winawo wina. A chipani cha Democrat anayesako chaka chomwecho poika South Carolina patsogolo. New Hampshire inakana, n'kuvota pa 23 January monga mwa lamulo lake. Dzina la Biden silinali papepala lovotera, omutsatira anachita kulilemba ndi manja, n'kupambanabe. Pulezidenti ali pampando, chipani chili m'manja mwake, koma kachigawoka kanamukanika kukasuntha.