Ofufuza makolo oluka lesi, yambirani ku Calais, ku England mupite pambuyo

Setifiketi ya ukwati ya ku England ya m'ma 1840 imapsetsa mtima. Munthu walipira ndalama, wadikira, ikafika akupezamo dzina la mkwati, la mkwatibwi, mayina a abambo awo ndi ntchito zawo, kenako mboni ziwiri zopanda tsatanetsatane. Pa zaka zakubadwa kawirikawiri pangolembedwa kuti onse ndi akuluakulu. Dzina la mayi mulibe, ngati kuti abambowo ankabereka okha. England ndi Wales anachita kudikira mpaka 2021 kuti ayambe kulemba amayi pa pepala la ukwati.

Tsopano tsegulani kaundula wa ukwati wa chaka chomwecho wa ku Calais, ku France, tsidya lina la nyanja, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku doko la Dover ku England. Muli tsiku ndi malo amene mkwati ndi mkwatibwi anabadwira. Muli makolo onse anayi, kumene akukhala, ndipo ngati wina anamwalira zalembedwa. Muli mboni zinayi, aliyense ndi zaka zake, ntchito yake ndi ubale wake ngati ulipo. Zonsezi mumaziwerenga pa intaneti osalipira kanthu, pa tsamba la Archives départementales du Pas-de-Calais, nyumba yosungira zolemba zakale za dera limenelo. Pepala limodzi la Afalansa limakupatsani zimene ku England mungazithamangire pa mapepala asanu.

Taonani mmene Angelezi oluka lesi anafikira kumeneko. Cha m'ma 1816 Robert Webster, James Clark ndi Richard Bonington anayambitsa ntchito yoluka lesi pa makina ku Calais. Nthawi imeneyo lamulo la Britain linkaletsa kutulutsa makina otere, choncho ankawaphwasula n'kuwawolotsa mozembetsa, chidutswachidutswa. Amisiri nawonso ankaletsedwa kukagwira ntchito kunja mpaka 1824. Ndiye musataye nthawi kufunafuna chikalata cha ku England chonena kuti uje wanyamuka. Munthu wozemba sasainira. Agogo anu amangosowa ku Nottingham, ku Radford kapena ku Loughborough, kwawo ku England, n'kutulukira m'kaundula wa Afalansa tsiku limene mwana wawo wabadwa.

Apa ndi pamene France amasiyira England kutali. Kuyambira 1792 kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira inali ntchito ya boma, ku ofesi ya meya, osati ya tchalitchi. Mwana ankayenera kukalembetsedwa pasanathe masiku atatu, kaya makolo ake ndi Afalansa kaya ndi obwera. Ku England boma linayamba kulemba pa 1 Julaye 1837, ndipo makolo anasenzetsedwa udindo wolembetsa mwana mu 1875. Tengani ana awiri apachibale obadwa mu 1828. Wa ku Radford ali ndi mzere umodzi m'buku la ubatizo: dzina lake, mayina a makolo, kumene akukhala, ntchito ya bambo. Wa ku Calais ali ndi tsiku ndi ola limene anabadwa, zaka za bambo, dzina la mayi la kwawo asanakwatiwe, ndi mboni ziwiri. Mbonizo musazidumphe. Nthawi zambiri ndi Angelezi anzawo a pa makina omwewo, mlamu kapena mchimwene, ndipo dzina la mboni ndi limene lingakulozereni mudzi umene banja linachokera.

Kafufuzidwe kake n'kotere. Yambani ndi mabuku a mndandanda wa zaka khumikhumi, otchedwa tables décennales: 1823 mpaka 1832, 1833 mpaka 1842, 1843 mpaka 1852. Pezani dzina, lembani tsiku, kenako tsegulani kaundula wa chaka chimenecho n'kupita pa tsikulo. Ambiri amaphonya pa chinthu chimodzi. Calais ndi Saint-Pierre-lès-Calais anali matauni awiri, iliyonse ndi mabuku ake, mpaka pamene anawaphatikiza mu 1885, ndipo mafakitale ambiri ndi nyumba za antchito zinali ku Saint-Pierre. Wofufuza ku Calais kokha amabwerako chimanjamanja n'kumati banja lake silinapiteko.

Chachiwiri ndi mayina. Mlembi wachifalansa ankalemba zimene khutu lake lamva. William amasanduka Guillaume, James amakhala Jacques, ndipo dzina loyamba ndi H likhoza kutaya chilembocho n'kukagwera pa tsamba lina. Yang'anani kumunsi kwa chikalatacho, pamene bambo anasaina yekha ngati ankadziwa kulemba, kalembedwe koona kali pamenepo. Mayi akamwalira mumufunefune pa dzina la kwawo, osati la mwamuna wake. Pa ntchito mupeza mawu akuti tulliste kapena ouvrier en tulle, ndiye woluka lesi ameneyo.

Tisawanamizire Angelezi, pali pamene amapambana. Kalembera wawo kuyambira 1851 amatchula malo amene munthu aliyense anabadwira, ndipo mayina anaikidwa kale m'makompyuta, mumangolemba dzina n'kusaka. Mukapeza banja ku Nottingham limene mwana woyamba anabadwira ku Radford, awiri otsatira ku France, wotsiriza ku Nottingham, zaka za anawo zakuuzani kale nthawi imene banjalo linawoloka ndi imene linabwerera. Ku France kalembera ankachitika zaka zisanu zilizonse kuyambira 1836, koma kawirikawiri muyenera kutsegula tsamba ndi tsamba, msewu ndi msewu, pa zolemba pamanja za Chifalansa. Maso amawawa. Komabe kalembera wa ku England wa 1841 musamudalire: zaka za akuluakulu ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0, ndipo dzina la malo amene munthu anabadwira sankalilemba.

Maukwati ena simuwapeza ku France konse. Lamulo la kumeneko linkafuna zikalata za kubadwa ndi chilolezo cha makolo, zinthu zovuta kwa mnyamata amene makolo ake ali ku Nottingham. Ambiri ankangokwera ngalawa kukakwatira ku Dover, makamaka m'tchalitchi cha St Mary, n'kubwerera ku ntchito. Zikatero mwabwerera ku pepala louma lija lopanda amayi, ndipo ukwatiwo ukakhala wa chaka cha 1837 chisanafike, nthawi zambiri ngakhale abambo mulibe. Chokupulumutsani ndi chikalata cha imfa cha ku Saint-Pierre, chimene chimatchula kumene womwalirayo anabadwira ndi makolo ake ngati okanena ankawadziwa. Cha ku England sichitchula makolo a munthu wamkulu.

Banja likasowa ku Saint-Pierre mu 1848, ndipo m'kalembera wa ku England wa 1851 mulibe, musafulumire kuliika m'manda. Chaka chimenecho ku France kunali kuukira boma, mafakitale anaima, ndipo mabanja ambiri a oluka lesi anathandizidwa kupita ku Australia pa sitima zitatu. Harpley inakafika ku Adelaide, Fairlie ndi Agincourt ku Sydney. Fufuzani m'mindandanda ya okwera sitima zimenezi, komanso m'zolemba za bungwe la zidzukulu zawo, Australian Society of the Lacemakers of Calais, limene linasonkhanitsa mayina a mabanjawa.