Lekani kuthamangitsa akazi chifukwa cha ana amene munabereka nonse awiri

Lachiwiri lapitali m'mamawa, kuno ku Chibavi, ndinapeza mtsikana atakhala pakhonde la nyumba yoyandikana ndi yathu, kamvula kowaza kakumunyowetsa, thumba la zovala lili pambali, khanda la milungu iwiri atalifungatira m'chitenje. Nditamufunsa kuti, “Mwanawe, kwagwanji?” anangovundukula chitenjecho pang'ono n'kundionetsa kankhope koyera ndi katsitsi kotuwa ngati ndevu za chimanga, kenako anati: “Agogo, apongozi akuti kumtundu kwawo kulibe alubino, ndiye ndimutengere mwanayu kwa bambo wake weniweni.” Mwamuna wake, mnyamata amene anafika Fomu 4 ndipo foni sichoka m'manja mwake, anali ataima pakhomo kukamwa kuli pululu. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri ndisanapume, ndipo zimene ndinaona tsiku limenelo zandisowetsa tulo mpaka lero.

Kodi kusukulu munkatsatako chiyani, ana inu? Kodi simunalembe ndi manja anu m'makope kuti pafupifupi selo lililonse la thupi la munthu lili ndi makromozomu (tinthu tating'onoting'ono tonga ulusi) 46, amene amakhala awiriawiri m'magulu 23, ndipo kuti 23 amachokera m'dzira la mayi pamene 23 enawo amachokera mu umuna wa bambo? Pa makromozomu amenewa ndi pamene pali majini, malangizo a DNA amene amaumba msinkhu, khungu ndi magazi a mwana. Majini amenewa si mizimu ija amatchula asing'anga, ngakhale kuti kufanana kwa dzinali kwasokoneza anthu ambiri. Kuti mwana abadwe ndi khungu lachialubino la mtundu umene timauona kawirikawiri kuno, ayenera kulandira jini yosintha kuchokera kwa mayi ndi inanso yotero kuchokera kwa bambo, pakuti ikakhala imodzi yokha imabisala, mwini wake n'kukhala wakuda bii ngati ine ndemwe. Jini yotere imatha kuyenda mobisika mibadwo ingapo osaonekera, ndipo anthu awiri oinyamula akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Tsono apongozi amene akufuula kuti kwawo kulibe zimenezi, anaunika liti m'thupi la mwana wawo? Khanda limene analitulutsa pamvula lija lanyamula umboni woti jiniyo ili m'banja lawo lomwelo, ndipo mwina inadzera mwa iwo eni.

Nkhani imeneyi si yachilendo. Mu 1866 wansembe wina dzina lake Gregor Mendel, wa ku Brno, anafalitsa zimene anapeza atakwatitsa nsawawa za maluwa ofiirira ndi za maluwa oyera. Mbewu zoyamba kumera zonse zinachita maluwa ofiirira, koma mbadwo wotsatira maluwa oyera anabwereranso, pafupifupi chomera chimodzi mwa zinayi zilizonse. Ngati za ku Ulaya zikukutalikirani, funsani mlimi aliyense wa ku Ekwendeni zimene zimachitika akabzalanso chimanga chimene anakolola ku mbewu ya haibulidi: mapesi amatuluka ena aatali ena aafupi, zisononkho zosiyanasiyana, chifukwa zimene zinabisala mwa makolo a mbewuyo zatulukira poyera. Zikachitika m'munda timamvetsa bwinobwino, nanga bwanji zikachitika m'nyumba timathamangira kunamizira mwana wa eni chigololo?

Ndiye pali abambo ena, ndipo ndi ambiri kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa, amene amasiya mkazi kapena kumubweretsera mnzake wamitala ati chifukwa akungobereka ana aakazi. Ena amafika mpaka podandaula za ng'ombe za malowolo ngati kuti anagula katundu wowonongeka. Abambo inu, mkazi ali ndi makromozomu X awiri, ndipo dzira lake lililonse limanyamula X basi. Inu ndi amene muli ndi X ndi Y, ndipo mbewu yanu imene yafika padzira ndiyo imagamula: ikanyamula X kubadwa mtsikana, ikanyamula Y kubadwa mnyamata. Palibe amene amasankha, ngakhale inu amene, koma ngati mukuumirira kufuna woti mumuloze chala, chalacho chiloze pachifuwa panu. Mwamunyoza mayi wa ana anu zaka khumi, mwamumwetsa zitsamba zowawa, mwamuchititsa manyazi pamaso pa alamu ake, pa chinthu chimene thupi lake silingachisinthe n'komwe. Kodi ana aakazi amene akumva zonsezi ali kuseri kwa chitseko mukuwaphunzitsa kuti iwo ndi chiyani?

Chimene chimandiwawa koposa ndi matenda a sickle cell, chifukwa apa umbuli umapha mwana. Khanda likayamba kutupa manja ndi mapazi, maso achikasu, magazi kumangotha, kulira usiku wonse ndi ululu wa m'mafupa, achibale amanyamuka ulendo wa kwa sing'anga. Amakamutema mphini mwana amene magazi ake ndi ochepa kale, mbuzi n'kupita, ndalama n'kupita, ndipo pobwera amabwera ndi dzina la gogo wina wosauka amene akuti ndiye akumudya mwanayo. Chonsecho gwero la matendawa ndi kusintha kwa chilembo chimodzi chokha cha DNA pa kromozomu 11, mu jini imene imathandiza kupanga hemogulobini, chinthu chonyamula mpweya m'magazi. Maselo ofiira amapindika ngati zenga n'kumatsekereza timitsempha. Jini yosinthayi nayonso iyenera kuchokera kwa makolo onse awiri kuti mwana adwale, ndipo yafala kumadera a malungo ngati kwathu kuno chifukwa munthu wonyamula jini imodzi yokha amatetezekako ku malungo aakulu. Kodi n'chiyani chikukuletsani kupita naye mwanayo kuchipatala kuti akamuyeze magazi, pamene basi ya kwa sing'anga mukuilipira mosawiringula? Ndipo mwana wobadwa ndi Down syndrome, amene ali ndi kromozomu 21 itatu m'malo mwa iwiri, mumati bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende, n'kumamutsekera m'chipinda alendo akabwera. Manyazi mulibe?

Musaganize kuti kuthamangitsa mayi wa mwana wachialubino ndi nkhani ya m'banja chabe. Tonse tikukumbukira mmene kuyambira mu 2014 abale athu achialubino anayambira kubedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mwana amene bambo ake amukana, amene mayi ake akugona m'makonde a anthu, mwamuika pakamwa pa afisi. Dzuwa nalo silimusiya, pakuti khungu lopanda melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu ndi kuliteteza kudzuwa, limapsa, limachita zilonda, ndipo mapeto ake ndi khansa yapakhungu. Mwana ameneyu akufunika chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mafuta oteteza khungu kudzuwa, kuyezedwa maso ndi kukhala kutsogolo m'kalasi, ndipo zonsezi zimafuna makolo awiri ogwirizana. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Kodi amayi awo onsewo anachita chigololo? Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'Malawi. Akanatayidwa pakhonde ali khanda, akanafika kumeneko?

Mtsikana uja tamusunga kwathu, ndipo khandalo likuyamwa bwino. Inu amayi amene munamutulutsa, mdzukulu wanu ndi magazi anu, mufune musafune. Ndipo iwe mnyamata amene unaima pakhomo manja ali m'thumba, mayi ako akunyoza mkazi wako, usadikire kuti ankhoswe achite kukukoka. Bwera udzatenge banja lako lero, ndipo pobwera udzere kumsika ugule chipewa cha mwana wako.