Pulagini ya AI isamakhudze nkhope ya kasitomala

Anzanga a m'masitudiyo a ku Ulónguè, Zóbuè ndi Moatize, maganizo anga ndi akuti mapulagini a AI tiziwapatsa zakumbuyo kwa chithunzi basi, nkhope ya munthu ayi.

Mapulagini ndi timapulogalamu towonjezera pa pulogalamu ina, ndipo ambiri omwe anthu amalowetsa mu Photoshop kapena Krita amayendera AI yojambula zithunzi yotchedwa Stable Diffusion (SD), yomwe inatuluka mu 2022. Iyo sikonza chithunzi, imajambula chatsopano pamalo omwe mwasankha. Zonse zagona pa denoising strength, nambala yoyambira 0 mpaka 1 yomwe imauza AI kuchuluka kwa zoti isinthe. Pa 0.3 chithunzi chimasalala, munthu n'kukhalabe yemweyo. Mukapitirira 0.6 mphuno imasintha, nthawi zina khungu limayererako, mphini za patsaya pa agogo zimafufutika poti AI imaziyesa zokalika za pepala. Banja labwera ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu kuti chikaikidwe pamaliro, inu n'kuwabwezera mlendo. Zimenezo n'zopweteka. Pa zithunzi za chitupa cha BI ndi pasipoti ndiye musayerekeze n'komwe.

Chitani chonchi. Koperani layer, sankhani munthuyo, dinani Ctrl+Shift+I kuti kusankhike zakumbuyo, ikani feather (yofewetsa m'mphepete mwa malo osankhidwa) ya mapikiselo 3 mpaka 5, kenako uzani pulagini zoti ijambule. Onetsetsani kuwala. Ngati dzuwa lamumenya munthu kumanzere koma mitengo ya AI yawala kumanja, ngakhale mwana azindikira kuti n'zomata.

Posindikiza pamavutanso. Mtundu wa SD 1.5 unaphunzitsidwa pa zithunzi za mapikiselo 512x512, wa SDXL pa 1024x1024, pomwe chithunzi cha masentimita 10x15 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) chimafuna pafupifupi 1200x1800. N'chifukwa chake pafoni chimaoneka bwino koma papepala mbali ya AI imachita chimbuuzi. Ikulitseni ndi upscaler (chida chochulukitsa mapikiselo), muthire noise (timadontho tonga mchenga) pang'ono kuti ifanane ndi ya kamera.

Dziwaninso komwe chithunzicho chikupita. Pulagini yogwira pakompyuta panu pomwe nthawi zambiri imafuna khadi la zithunzi (graphics card), monga la NVIDIA, la 6 GB kapena kuposa, ndipo fayilo ya SDXL yokha imapitirira 6 GB, ma mega ake si ochepa. Pulagini yosagwira pakompyuta panu imatumiza chithunzi ku seva yakunja. Kasitomala muzimuuza asanachoke, makamaka chikakhala cha mwana. Mapulagini obedwa omwe amagawidwa m'magulu a WhatsApp asiyeni, ena amabwera ndi vayirasi yoba mapasiwedi, ndipo kompyuta yomweyo ndi imene mumasungiramo zithunzi za maukwati a anthu.