Tsiku la ufulu si la kulikulu kokha

Pali chizolowezi chimene chimandiwawa m'maiko ambiri. Tsiku lokumbukira ufulu likafika, zonse zimakachitikira kulikulu: asilikali akuguba, akuluakulu ali pamthunzi, zolankhula zosatha. Anthu a m'matauni ang'onoang'ono amangomvera pawailesi ngati ufuluwo ndi wa eni ake ena. Ine ndimati tsiku lotere limakoma kumene anthu amadziwana maina, kumene woimba ng'oma ndi mwana wa aneba ndipo wonyamula mbendera ndi amene anakuphunzitsani kuwerenga.

Taonani ku Mexico. Nkhondo yawo yomenyera ufulu sinayambire mumzinda waukulu ayi. Inayambira ku Dolores, katauni kakang'ono, m'mawa wa pa 16 Sepitembala 1810, wansembe Miguel Hidalgo atalizitsa belu la tchalitchi n'kuitana anthu kuti aukire ulamuliro wa Spain. Mu 1896 belulo analichotsa n'kukalipachika kunyumba ya boma ku Mexico City, ndipo mpaka pano pulezidenti amaliliza usiku wa pa 15 Sepitembala. Belu adatengadi, koma mwambo adalephera kuutsekera kulikuluko. Usiku womwewo mameya m'matauni a dziko lonselo amatuluka n'kumatchula maina a ngwazi zawo mmodzimmodzi, khamu likuvomera mofuula. Wa kutauni yaing'ono sasowa kukwera basi kuti akamve kuti nayenso ndi mwini dziko.

Koma amene amandigometsa kwambiri ndi a ku Norway. Malamulo oyendetsera dziko lawo anasainidwa ku Eidsvoll pa 17 Meyi 1814, ndipo tsikuli salikondwerera ndi mifuti kapena akasinja. Amaguba ndi ana asukulu. Ligubo loyamba la ana linachitika mu 1870 ku Christiania, komwe lero ndi Oslo, ndipo poyamba anali anyamata okhaokha. Atsikana analowamo mu 1889. Lero tauni iliyonse, ngakhale ya sukulu imodzi, imachita lake. Ana patsogolo ndi timbendera, bandi ya sukulu ikuimba, makolo ali m'mbali mwa msewu. Asilikali a Germany atalanda dzikolo kuyambira 1940 mpaka 1945, analetsa mwambowu. Dzifunseni, munthu wa mfuti angaope chiyani kwa ana oguba? Ankadziwa kuti anthu amene amasonkhana okha, popanda wowatuma, ndi ovuta kuwagonjetsa.

Ku America nakonso, chikondwerero cha pa 4 Julayi chimene chakhalitsa kuposa zonse si cha ku Washington kapena New York. Ndi cha ku Bristol, tauni yaing'ono ya ku Rhode Island, chomwe chinayamba mu 1785. Mzere wa pakati pa msewu umene amagubamo adaupaka mitundu ya mbendera yawo, ndipo umakhala choncho chaka chonse.

Ena anena kuti zimenezi zimafuna ndalama. Pang'ono, inde. Koma chimene chimapha zikondwerero za m'matauni ang'ono si umphawi, ndi kudikira. Kudikira kuti boma litumize kalata, kudikira mlendo wolemekezeka amene afike dzuwa litapendeka ana atakomoka kale ndi njala. Ndipo akafika, tsiku la dziko lasanduka msonkhano wa chipani, nyimbo zotamanda munthu mmodzi, mbendera ya dziko itabisika kuseri kwa mbendera zina. Apa mpamene anthu abwinobwino amasankha kukhala kunyumba, ndipo sindingawadzudzule.

Ndinenenso china chimene sitikonda kumva. Kunyadira kwanu kumatha kuwola n'kusanduka tsankho. Tauni yaing'ono ili ndi vuto lakuti aliyense amadziwa amene anabadwira pompo ndi amene anachita kubwera. Ngati komiti yokonza mwambo ndi ya mabanja omwewo chaka ndi chaka, ndipo wobwera ntchito yake ndi kusonkha basi, chimenecho si chikondi cha dziko. Dziko ndi lalikulu kuposa mabanja asanu. Mphunzitsi amene anamusamutsira kumeneko dzana, wamalonda wa chilankhulo china, olumala amene sitiwaganizira pokonza malo okhala, onsewo tsikulo ndi lawo.

Nanga okalamba? Tauni iliyonse ili ndi agogo amene anaona ndi maso awo zimene ana amaloweza m'mabuku. Nthawi zambiri amawakhazika kumbuyo, wandale n'kulankhula maola awiri za mbiri imene iye sanaione. Bwanji osampatsa gogoyo mphindi khumi, ana n'kumufunsa mafunso? Ndipo pakhale wina wojambula mawu akewo pafoni, chifukwa chaka chamawa mwina mpando wake udzakhala wopanda munthu, ndipo mbiri ya katauni kakang'ono palibe wa kulikulu amene adzabwere kudzailemba.