Chilombo chako usachikonde kwambiri

Aliyense amene ndamufotokozera za masewera a makhadi otchedwa Bears vs Babies amayamba wagwira pakamwa. Ati zilombo zikudya makanda? Eya, zikudya. Koma tandilolani ndimalize musanandiweruze.

Anawapanga ndi Elan Lee ndi Matthew Inman, omwe aja anatulutsa masewera ena a makhadi otchedwa Exploding Kittens mu 2015, ndipo awa anatuluka mu 2017. Wojambula ndi Inman, ndipo makanda ake si tiana tosangalatsa tija timamwetulira pazithunzi ayi. Ndi tiasilikali tolusa, tonyansa nkhope, ndipo tili m'magulu atatu: lapamtunda, lam'madzi ndi lamumlengalenga. Ukatola khadi la khanda sulisunga m'manja, umaliika chovundikira pagulu lake pakati pa tebulo. Gululo limangokula anthu mukuyang'ana, osadziwa bwinobwino kuti lafika pamphamvu zanji.

Iwe ntchito yako ndi kulumikiza chilombo. Umayamba ndi mutu, kenako thupi, manja, miyendo, malinga ndi zimene watola. Zotulukapo zake n'zoseketsa: mutu wa nsomba, thupi lovala suti, manja osayenerana ndi chilichonse. Ukachiveka chipewa mphamvu zake zimawirikiza kawiri. Mutu wa chimbalangondo ndiye aliyense amaukhumbira, chifukwa umalimbana ndi gulu lina lililonse.

Tsono nkhanza zenizeni za masewerawa sizili pa makandawo. Zili pa munthu amene wakhala naye pafupi. Wosewera aliyense angathe kuputa gulu limodzi la makanda nthawi yake ikafika, ndipo akatero zilombo zonse za mtundu wa gululo (zapamtunda, zam'madzi kapena zamumlengalenga) zimakokeredwa kunkhondo, kaya mwini wake wakonzeka kaya ayi. Amene zilombo zake zili ndi mphamvu kuposa anzake, n'kuposanso makandawo, ndiye amatenga makhadi a makanda ngati mapointi. Koma nkhondo ikatha, chilombo chilichonse chimene chinalowa m'bwalo chimatayidwa, chopambana ndi chogonja chomwe.

Ine zinandionekera. Ndinatha maulendo anayi ndikumanga chilombo cham'madzi, chokongola mwa kuipa kwake, chongosowa miyendo basi. Ndinali nditayamba kale kuchitchula dzina. Mng'ono wanga, amene analibe ngakhale kamutu kamodzi kam'madzi patebulo, anandiyang'ana, n'kumwetulira, n'kuputa makanda am'madzi. Iye sanataye kanthu. Titavundukula makhadi, makanda anandiposa ndi pointi imodzi yokha. Imodzi! Chilombo changa chinapita kudzala, iye akugubuduzika ndi phwete. Ndinamuuza kuti, "Iwe, tionana," ndipo ulendo wotsatira ndinachidula mkono chilombo chake, poti khadi lochitira zimenezo liliponso.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati nthabwala zoterezi n'zoipitsa mtima. Palibe amene amaseka chifukwa khanda ladyedwa. Timaseka chifukwa munthu wamkulu ndi ndevu zake akudandaula mochokera pansi pa mtima kuti nsomba yake yovala suti yaphedwa ndi makanda. Komabe sindingawatulutse pamaso pa aliyense. Munthu amene wangotaya mwana, kapena amene nkhani za ana zimamukhudza mwanjira ina, sindingamuikire bokosi limeneli patsogolo, ndipo amene wakana osamukakamiza.

Zofooka zilipo, ndisaname. Mwayi umalamulira kwambiri. Ukhoza kukhala ndi manja ndi miyendo yodzaza m'manja koma mutu osaupeza, ndiye umangokhala ngati wogulitsa ziwalo anzako akumenya nkhondo. Zithunzinso zimaseketsa kwambiri masiku oyamba. Ukaziona kakhumi, kuseka kumachepa. Chimene chimawapulumutsa ndi kufulumira. Anthu awiri mpaka asanu, mphindi ngati 20, zatha. Sukhala ndi nthawi yosunga mangawa, umangoti tibwereze. Akanakhala otenga maola awiri, bwenzi ena atasiya kulankhulana.

Ine ndinasintha kaseweredwe. Masiku ano ndimamanga tizilombo ting'onoting'ono, tosaoneka bwino, ndipo ndimaputa makanda msanga ndikangoona wina wayamba kunyadira chake. Mng'ono wanga uja akuti ndasanduka woipa mtima. Usiku wathawu ndinamudyera makanda amumlengalenga onse iye atangotsala ndi khadi limodzi kuti amalize chilombo chake, ndipo mpaka pano uthenga wanga sanayankhe.